Kachitini ka Feteleza

Thanki yagalasi ija inalowa m'nyumba mwathu ngati mankhwala. Amuna anga atadwala sitiroko, dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, mawu n'kutsala ochepa, ambiri mwa iwo a Chilomwe cha paubwana wawo. Munthu amene anakhala kapitawo m'minda ya tiyi moyo wake wonse tsopano ankangogona atayang'ana kukhoma. Adokotala sanabise: akapanda kumadzuka, aumira pabedi pomwepo. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Limbe, ndiye anabwera nayo thankiyo, pamodzi ndi mchenga, zomera zam'madzi ndi tinsomba ta michira yofiira. Anati bambo ake apeze choyang'ana.

Sindikana, zinathandiza. Pasanapite nthawi anayamba kudzikoka kuchoka kuchipinda mpaka pabalaza, n'kukhala pampando wa pafupi ndi thanki. Koma ntchito yake yonse inagwera ine. Mwanayo anandisiyira botolo la feteleza wamadzi, wodonthetsera zomera pang'onopang'ono, ndi timabotolo toyezera. Umatunga madzi m'kagalasi, kudonthetsamo mankhwala, kukhutchumula, n'kuyerekeza mtundu wake ndi kakhadi. Akakhala achikasu, zomera zili ndi njala. Akafiira, feteleza wachuluka, nsomba zili pangozi. Pofunika ndi pakati, pa mtundu wa papaya wakupsa. Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ya pa esiteti. Ndinkaweruka mutu uli waa ndi phokoso la ana, kupeza munthu wofunika kusambitsa, ndikatero n'kumayezanso madzi a nsomba zosadyedwa n'komwe.

Itayandikira nyengo yamvula, madzi anayamba kufiira m'kagalasimo. Ndinachepetsa madontho, anafiirabe. Ndinasiyiratu, anafiirabe. Ndere zinakuta galasi ndi masamba, madzi n'kubiriwira ngati a pachithaphwi. Mankhwala ake ndi amodzi, kuchotsa madzi ena n'kuthiramo atsopano. Mpopi wa panyumba pathu umatulutsa madzi ukafuna wokha, ndiye ndinkatsikira kumalaini a antchito ndi ndowa, n'kukwera nayo chitunda chathu choterera chija. Amayi a kumpopi ankandiseka. "Aphunzitsi, nsombazo zikukula liti kuti tidzalaweko?" Ndinkaseka nawo, msana ukuyaka moto.

Ndinamuimbira mwanayo.

"Mami, mukuchita ovadozi," iye anatero.

"Ovadozi yake iti? Botolo lakolo sindinalikhudze chiyambire mwezi uno."

"Ndiye ndi madzi anuwo. Feteleza wa m'minda ya tiyi akukokolokera kumpopi."

Ndinayeza a kumpopi. Anali achikasu bwinobwino, opanda mlandu.

Nsomba zinayamba kufa imodziimodzi. Ndinkazivuula m'mawa bambo asanadzuke, n'kuponyera nkhuku. Sindinkalira nsomba ayi, zinali zitanditopetsa. Mantha anga anali akuti zikatha zonse, munthuyu abwerera kukayang'ana khoma.

Tsiku lina tinaweruka msanga chifukwa cha maliro a kholo la mwana wa m'kalasi mwanga. Ndinalowera khomo lakuseri, nsapato ndavula chifukwa cha matope. Pabalaza ndinapeza amuna anga ataimirira, chiuno atatsamiritsa patebulo, chivindikiro cha thanki chili pambali. Patebulopo panali kachitini ka polishi kodzaza timibulu toyera. Anali feteleza wa m'thumba limene tinkasunga kuseri kwa chitseko, wodikira kamunda kathu ka chimanga. Anatsina ndi dzanja lamanzere, n'kuwaza mozungulira chomera chilichonse, osakhudza tsinde, ndendende mmene ankaphunzitsira antchito kumunda. Nkhope yawo inali ya munthu amene ali pantchito.

"Bambo! Mukutani?"

Analoza tsamba lachikasu. "Njala," anatero.

Kwa munthu wa tiyi, tsamba lachikasu lilibe tanthauzo lina. Zoti linali litachita chikasu chifukwa ndere zalitsekereza kuwala, ndipo nderezo zikunenepa ndi feteleza wawo yemweyo, ndikanawafotokozera mpaka dzuwa kulowa. Sindinafotokoze. Ndinakalipa, ndinatchula msana wanga, ndowa, chitunda, zonse. Kachitiniko ndinabisa, thumba n'kukasungitsa kwa aneba.

Thanki inachira mochititsa manyazi. Madzi anayera mbee, kagalasi kanakhazikika pa papaya, zomera zinaphuka timasamba tatsopano, nsomba zotsala zinaswana. Ndinatumiza chithunzi ku Limbe, mwana n'kuyankha ndi timitima. Kwa nthawi yoyamba chidwalireni bambo, Loweruka linandipeza nditakhala pansi.

Koma iwo anayamba kufika pabalaza mochedwa. Ankakhala pang'ono, kuyang'ana, n'kubwerera. Kenaka anayamba kudumphitsa masiku. Kenaka phala linayambanso kuwapeza pabedi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti nsomba zija sanaziyang'anepo n'kamodzi komwe. Ankadzukira kukayendera munda wawo wa m'thankimo.

Ndinayesa kuwapatsa botolo la madontho kuti azithira okha. Analikankha. Feteleza kwa iwo ndi chinthu chomveka m'zala, osati timadzi. Ndinayesanso nzeru ina, kudzaza kachitini kaja ndi timiyala toyera ta kumtsinje, nditasefa bwino. Anatsina, anafikisa pakati pa zala, ananunkhiza, n'kundiyang'ana. Takhala m'banja zaka zambiri, koma diso limenelo sindinalionepo. Anatseka kachitiniko, n'kutembenukira kukhoma. Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa bafa, mwina chifukwa cha chisoni, mwina kutopa chabe, sindikudziwa.

Loweruka lotsatira ndinavuula nsomba zonse ndi sefa ya tiyi. Ndinazipereka kwa mphunzitsi mnzanga amene ali ndi kadziwe kuseri kwa nyumba yake. Ndinakatenga thumba lija kwa aneba, kudzaza kachitini, n'kukaika patebulo. Madzulo ndinamuuza mwana.

"Mami, thanki yopanda nsomba ndiye chiyani?"

"Bambo ako azilimamo."

Anati afunsa kaye adokotala. Ndinati afunse.

Panatenga masiku kuti bambo adzuke. Mwendo unali utauma kale, ndipo mpaka lero sunabwerere mmene unaliri. Koma amadzuka. Amathira feteleza wawo, kagalasi kamafiira, ndere zimabwera. Ndimayezabe, chifukwa nazo zomera zikapsa munda watha, ndipo ndimatsikabe kumalaini. Alendo akabwera amasuzumira m'madzi obiriwirawo kufunafuna nsomba, ine osawathandiza.

Sabata yatha ndinadzuka thupi lonse likuphwanya, ndinagonerezako pang'ono. Nditatuluka ndinawapeza ali kale pathanki, akupukuta galasi ndi chala kuti aone mkati. Anatembenuka, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulankhula momveka bwino kuposa tsiku lina lililonse chidwalireni.

"Mwachedwa."

"Pepani, akapitawo," ndinatero. Ndinamanga chitenje, n'kupita kukafuna nkhata.