Chitini chopanda galasi kumaso

Ndikukumbukira chaka chimene loji ina ku Kande inkafuna mnyamata woperekeza alendo kukaona nsomba za mbuna ku miyala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo pa nkhani yosambira panalibe wondiposa. Koma woyang'anira maboti, a Kachingwe a ku Dedza, anati wofuna kuyesedwa abwere ndi magalasi ake oonera pansi pa madzi. Kwathu tikanawatenga kuti?

Ndinapanga anga. Ndinadula chitini cha mkaka, m'mphepete n'kukutamo mphira ya chubu cha njinga, kutsogolo n'kumatapo galasi la windo losweka. Guluu ndinakagula ku Chintheche, uja wa timachubu tiwiri tosakaniza, wonunkha mpaka mutu kuwawa. Atauma anagwira gwa. Ndinkakoka ndi mphamvu zonse, osasuntha.

Ada, bambo anga, anachiyang'ana akusoka ukonde. "Chiviike kaye m'madzi, chigonemo," anatero. Ine kukana. Chinthu chokongola chotero ndichiviike ngati chinangwa? Ndinachikulunga m'nsalu, ngakhale dontho la mvula silinachikhudze.

Tsiku loyesedwa tinakwera boti anyamata angapo, alendo ndi a Kachingwe. Poyamba zinayenda, mbuna ndinkaziona bwinobwino, zabuluu ndi zachikasu. Kenako madzi anayamba kulowera pakona pang'onopang'ono mpaka kufika m'mphuno. Madzi amakwawa pakati pa guluu ndi galasi losalala, pachitsulonso chimodzimodzi. Izi ndinadzazidziwa nditakula. Nditamiranso, galasi linangomatuka n'kutsikira pansi likung'anima. Ndinavuuka ndi chitini chopanda kanthu kumaso.

Anyamata anaseka mpaka ena kumwa madzi. Mlendo wina anandijambula. Manyazi amene anandigwira sindinawamveponso m'moyo wanga. A Kachingwe okha sanaseke. "Iwe, kusambira umatha," anatero. "Ubwere mawa, ndidzakubwereka anga."

Sindinapite. M'mawa mwake ndinakabisala kumunda, ndipo kwa miyezi ndinkazungulira kumsewu kuopa kudutsa pa loji. Ntchito anapatsidwa mnzanga Yotamu, munthu woopa ngakhale kutsegula maso m'madzi. Iyeyo ndiye anadzandiuza kuti a Kachingwe anachedwetsa boti tsiku limene ndinabisala lija, akufunsa za ine.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti guluu wachinyengo anandimanitsa ntchito. Lero ndikuona kuti madzi anangonditengera kagalasi ka windo. Ntchitoyo ndinaithawa ndekha, munthu akundidikira pagombe ndi magalasi ake m'manja.