Mawu Achilatini pa Handulo ya Njinga

Ndinabwerera kusukulu ndili ndi ana atatu. Ndinkaphunzira ya masana ku Chiringa, ija timalowa a yunifolomu akaweruka, ndipo m'kalasi monse wamkulu ndinali ine.

Chimene chinandigwetsa mphwayi poyamba ndi timawu tina ta mu Bayoloje. Ku pulayimale anatiphunzitsa kuti m'Chingerezi zinthu zikachuluka umangoika s kumapeto. Ndiye pa mayeso oyamba ndinalemba larvas ndi bacteriums, mtima uli m'malo. Pepala linabwera lofiira ndi zokhwatcha. Aphunzitsi athu, mayi wamng'ono kwa ine, anandiitanira pambali nandifotokozera kuti mawu amenewa Angerezi anachita kubwereka ku Chilatini, ndipo akachuluka amatsata malamulo akwawo: larva amakhala larvae, bacterium bacteria, nucleus nuclei. Anandilembera mawu otere tsamba lonse.

Nditafika kunyumba ndinauza amuna anga kuti mutu wanga wakalamba, bola ndizingolima nandolo. Iwo ndi akabaza, sukulu analekezera Sitandade 5. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti Chilatinicho n'chakuti. Nditawauza kuti n'chimene ansembe akale ankachitira mapemphero, anaseka.

"Ndiye mawuwa ali ngati agogo athu," anatero. "Anawoloka malire koma Chilomwe chawo sanachisiye. Inu mukuwakwiyira chiyani?"

M'mawa mwake anakulunga tsambalo m'jumbo yoonekera nalimanga ndi mphira pa handulo ya njinga. Kuyambira tsiku limenelo ankandiperekeza kusukulu okha, ngakhale tsiku la msika pamene okwera amachuluka. Iwo ankatchula liwu, ine kumbuyo n'kumayankha. Vuto linali loti ankawerenga ngati Chichewa. Nucleus ankati nukuleusi, moti nthawi zina ndinkachita kusuzumira paphewa pawo kuti ndione chimene akunena. Ndikalakwitsa ankaliza belu. Tsiku lina tinagwa tonse mumchenga, chifukwa maso awo anali papepala. Amayi ogulitsa chinangwa m'mbali mwa msewu anadzandithandiza kusasa chitenje, ndipo anafunsa ngati tinkayambana. Ndinawathokoza, n'kukweranso njinga.

Pofika mwezi wa mayeso, amuna anga mawu onse anali atawaloweza kuposa ine, ngakhale sankadziwa kuti ena amatanthauza chiyani. Bayoloje ndinakhoza bwino. Masamu ndinalephera, ndinachita kubwereza chaka chotsatira, n'kudutsa mwapang'ono.

Sabata yatha ndinapita ku Boma kukasiya kalata yofunsira maphunziro a zaumoyo. Pamzere panali atsikana a msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndabweretsera mwana wanga. Ndinamuuza kuti kalatayo ndi yanga. Anasendera pabenchi kuti ndikhale, ndipo tinayamba kufunsana mafunso amene mwina adzatifunsa akatiitana.