Loweruka Loyamba Kuperekeza Ababa

Ndikukumbukira kachipinda kathu ka padenga la nyumba yansanjika ku Doornfontein, kumene ababa ankakolopa masitepe ndi kutaya zinyalala za azungu. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kachipindako kankanunkha palafini, sopo wochapira ndi mowa. Fungo la mowalo silinkachoka ngakhale amayi asiye zenera lotsegula tsiku lonse.

Ababa anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzalowa mgodi kuno ku Joni. Anatulukamo ndi chifuwa chosamva mankhwala, komanso nkhani imodzi imene sankaimaliza, ya mnzawo wapamudzi amene mwala unamugwera iwo akuona. Amayi ankati mowa unayambira pamenepo, pofuna tulo. Poyamba unali wa Lachisanu, kenako wa tsiku lililonse akaweruka, mapeto ake wa m'mawa madzi a tiyi asanawire.

Sanali munthu wankhanza. Akaledzera ankangokhala pansi pa thanki ya madzi n'kumaimba nyimbo zakwawo, misozi ili chuchuchu. Koma masitepe ankakhala osakolopa, ndiye amayi akachoka kosoka zovala ku Fordsburg ankanyamula ndowa n'kukolopa okha nsanjika zonse zisanu kuti kapitawo asadziwe. Ntchito ikanatha, chipindanso chikanatha, ndipo tinalibe kolowera.

Tsiku lina m'mawa ababa analephera kufikitsa kapu kukamwa. Manja ankanjenjemera, tiyi n'kukhutukira pa buluku. Amayi sanakalipe. Anangoti, "Abambo ake a Esinati, ine ndatopa. Msana wanga watha. Mukakana kupita uku, ine ndi mwanayu tikwera basi yobwerera kumudzi."

Kumene ankanenako kunali ku holo ya tchalitchi china, komwe anthu ofuna kusiya mowa ankakumana Loweruka masana. Anawauza za malowo ndi Che Saidi, telala wa ku Mangochi amene ankasoka nawo limodzi. Poti Loweruka amayi ankagwira ntchito, anatuma ine. "Uwagwire dzanja. Usawataye mpaka alowe."

Vuto linali lakuti njira inkadutsa pa shabini ina, kuseri kwa fakitale ya mipando. Titafika pamenepo chitseko chinali chotsegula, wailesi ikulira, fungo lija likutuluka lofunda bwino ngati la buledi. Wina mkatimo anakuwa kuwaitana m'Chizulu, "Woza, madala! Mwasowa!" Ababa anaima. Dzanja lawo linali thukuta lokhalokha ngakhale kunkawomba mphepo ya mu Juni. Sanalowe, sanapitirirenso. Anangoti maso dwii pachitseko, uku akumeza malovu. Ndinayesa kukoka, koma zinali ngati ndikukoka mtengo wamagetsi.

Sindidziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndisananyamuke ndinali nditamwa makapu awiri a tiyi.

"Ababa, mkodzo wandipana."

Sanandimve.

"Ababa, ndikodzera pompano!"

Apo m'pamene anadzidzimuka. Zimbudzi zapafupi zinali za azungu okha. Anandinyamula n'kuyamba kuthamanga, akutsokomola, mpaka ku holo kuja. Sanalowe ngati munthu wolapa ayi, analowa akufuula kufunsa kumene kuli chimbudzi. Nditatuluka ndinapeza atawakhazika kale pampando, pakati pa azibambo angapo ndi azimayi awiri, atagwira kapu ya khofi ndi manja onse awiri.

Ndikanakonda kunena kuti zinathera pomwepo, koma ndinganame. Anasiya miyezi itatu, n'kuyambiranso. Anagonekedwa kuchipatala akuona njoka pakhoma, anatuluka ali bwinobwino, pofika Khirisimasi tinakawatola pansi pa masitepe. Sindingawerenge kuti njira ija ndinaiyenda kangati. Anzanga akusewera fulaye, ine ndinkakhala pabenchi panja pa holo, kumamva akuluakulu akulira m'Chizulu, m'Chisutu ndi m'Chingerezi. Masiku ena ndinkadana nawo ababa, kenako ndinkawaona akuvutika kumanga chingwe cha nsapato, manyazi n'kundigwira. Anadzasiyiratu ine nditatha msinkhu, ndipo sindingaloze tsiku lake. Tinangoona kuti chaka chatha, chinanso chatha.

Masiku ano amati amenewa ndi matenda. Kuli aphungu, kuli mankhwala, kuli malo ogonekako anthu, ngakhale kuti ana athu a ku Kya Sand, dera la zisakasa kuno ku Joni, akulimbana ndi zosuta ndi zobaya zoopsa kuposa mowa. Nthawi yathu dzina linali limodzi basi: chidakwa. Chimene sichinasinthe ndi kutopa kwa amene ali pakhomo, kumene palibe amene amakufunsa.

Makolo anga anadzabwerera ku Ntcheu, ndipo ababa anakhala zaka zambiri osalawa ngakhale thobwa logona. Komabe mpaka chaka chawo chomaliza, akamachokera kumsika, amayi ankaima pakhomo. Ababa, ndi imvi zawozo, ankavula chipewa, kuwerama, n'kuwauzira mpweya kumaso kuti anunkhize. Sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Amayinso sanapepesepo.