Mlendo agwireko chipanda

Lero mlendo wandipeza ndikukhutchumula mkaka m'chipanda, ndipo ndakumbuka iwe Rozina mwana wanga, pulofesora woyamba m'banja lathu. Tili kothawa nkhondo ku Malawi, asisitere a ku Irlanda anakuuza kuti kwawo mlendo akapeza anthu akukhutchumula mkaka amagwirako, apo ayi mafuta a mkakawo amapita naye. Titabwerera kwathu ku Tsangano, kutsidya kwa malire, unaimitsa akatekisita pabwalo pathu. Unati, "Abambo, njingayo ipume kaye, gwedezani chipandachi. Kapena mwabwera kudzatibera mafuta?" Anagwedeza mpaka thukuta, iwe uli gada ndi phwete.

Chitisiyire iwe, palibe amaimitsa alendo pano. Walero ndangomulola apite. Mafuta atuluka ndithu, mwanawe, koma ndinalibe woti ndimuitane adzaone.