Mankhwala Okana Madzi

Ndinagwira ntchito yolawa tiyi pa fakitale ya esiteti ina kuno ku Thyolo mpaka imvi zinamera. M'mawa uliwonse ndinkapeza makapu oyera atandandalikidwa pa tebulo lalitali, ine n'kumapsontha, kuzunguza m'kamwa, n'kulavula. Ana anga onse anakulira m'nyumba za pa esitetipo. Wachiwiri, mtsikana, ndiye anapita patali ndi sukulu. Anaphunzira za kapangidwe ka mankhwala, kenaka anapeza ntchito mu labotale ina kunja kwa dziko. Zimene ankachita kumeneko, kunena zoona, sindinkazidziwa.

Chaka china anabwera kudzadya nafe Khirisimasi, nyengo imene mvula imagwa osapuma ndipo othyola masamba amalowa m'munda atadzikulunga mapepala apulasitiki. Atangofika, amayi ake anagwidwa ndi malungo. Ku chipatala cha pa esiteti anawapatsa mapiritsi achikasu aja, koma iwo ankangomwera madzi, chakudya osachifuna. Mkazi wanga akadwala amaiwala Chichewa, ndiye ankatikalipira m'Chilomwe kuti tiwasiye agone.

Mwanayo sanalimbane nawo. Anasinja mtedza, n'kuphika phala lamadzimadzi la nsinjiro zambiri, n'kukhala pa mkeka pambali pawo. Anawauza mofatsa kuti mankhwala amenewo amakana madzi, ndipo akafika m'mimba mopanda chakudya cha mafuta, ambiri amangodutsa osalowa m'magazi. Amayi ake anatembenukira kukhoma. Iye anangokhala, supuni ili m'manja. Phala likazizira ankakalitenthetsanso, mpaka odwalawo anatopa ndi kukana. Anachira bwinobwino chaka chisanathe.

Apa m'pamene ndinamufunsa za ntchito yake. Anaganiza pang'ono.

"Ababa, mawa munditenge ku ntchito kwanu. Ndikakuonetsani m'kapu yanu yomwe."

Titafika anandipempha kuti ndifulule tiyi wamphamvu kuposa onse, ndipo tinamusiya kuti azizire. Tiyi wotero akazizira amachita mbuu, ngati wina wadonthezamo mkaka. Ife olawa timati wachita kirimu, ndipo timakondwera chifukwa ndi chizindikiro cha tiyi wabwino. Ndinali nditaona zimenezi zaka zanga zonse, osadzifunsa n'komwe kuti mbuuyo amachokera kuti.

Mwanayo anavindikira kapu ija ndi sosala, ndipo tinadutsa nayo m'kanjira ka pakati pa minda, nsapato zikulemera ndi matope ofiira, mpaka ku chipatala. Kumeneko anapempha bambo oyeza magazi kuti atibwereke maikulosikopu yawo yoonera tizilombo ta malungo. Mwanayo anaika kadontho ka tiyi pa kagalasi, n'kundiuza kuti nditsinzine diso limodzi. Ndinaona timipira tozungulira tambirimbiri, tofiirira, tikunjenjemera m'madzi oyera. Anandifotokozera kuti tiyi akatentha amakhala chinthu chimodzi, koma akazizira amagawanika pawiri: mphamvu yake yambiri imasonkhana m'timadontho tokhuthala, ndipo timadonthoto timayandama m'madzi otsalawo. Bambo oyeza magazi aja nawonso anasuzumira, n'kupukusa mutu, n'kusuzumiranso.

Pobwerera anandiuza zonse. Mankhwala ambiri amene akupangidwa masiku ano, anatero, sasungunuka bwino m'madzi. Kuti akhale mapiritsi odalirika, amayenera kukhala timibulu toyera ngati ta mchere, tating'ono ndiponso tofanana kukula kwake. Opanga amayamba awasungunula mu sipiriti, kenaka amathira madzi pang'onopang'ono kuti timibuluto tituluke. Koma mankhwala ena amachita makani. M'malo motuluka ngati mchere, amatuluka ngati timadontho ta mafuta, monga tiyi wanga uja. Anthu ambiri a ntchito imeneyi akaona mbuu wotero amadandaula kuti zakanika, n'kuyambiranso.

Iye ndi anzake ochepa anaganiza zosataya. Ankafuna kuti kadontho kalikonse kakhale ngati kanyumba komeramo timibulu, popeza m'menemo ndi mmene mankhwala adzazana kale. Vuto linali kudziwa muyezo wa madzi, kutentha koyenera, ndi nthawi yoponyamo timibulu tochepa ta mbewu kuti tina titsatire. Ndinamufunsa ngati zinkatheka. Anaseka n'kunena kuti kwa zaka ziwiri ankangopeza phala lomata pansi pa botolo, lofanana ndi ulimbo, moti tsiku lina analira ali yekha mu labotale, atavala magolovesi, osatha kudzipukuta misozi.

"Nanga bwanji osasiya, mwanangu?"

"Botolo lililonse lokanika limandiuza kanthu kena, ababa. Ndikasiya, amene adzabwere pambuyo panga adzayambira pomwe ndinayambira ine."

Ndinkangomuyang'ana akulumpha zithaphwi patsogolo panga, siketi atainyamula m'manja, mwana amene ndinkamubereka popita ku sikelo amayi ake akakhala kumunda.

Anabwerera ku ntchito mu Januwale. Miyezi ya chisanu itafika, chiperoni chitaphimba phiri, ananditumizira kavidiyo pa foni. Poyamba munali timadontho tokhatokha, tozungulira, tili duu. Kenaka m'kadontho kamodzi munatuluka kanthu kosongoka ngati singano, n'kuyamba kukula, kadonthoko n'kumachepa mpaka kutha. Tina tinatsatira, ndipo pomaliza galasi lonse linadzaza ndi timibulu tonyezimira, tofanana ngati tochita kusefa.

Ndinamuimbira nthawi yomweyo n'kumufunsa kuti mankhwalawo afika liti ku zipatala za kwathu kuno, ku Thekerani ndi ku Mphuka. Sanandinamize. Anati padakali anthu ena ambiri oti ayeze ndi kuyezanso, mwina zidzatenga zaka, mwinanso mankhwala amenewa sadzafika n'komwe, koma njirayo ikhoza kuthandiza pa mankhwala ena. Kenaka anapepesa kuti akudula foni, chifukwa anali atasiya botolo lina pa makina otenthetsera.

Amayi ake anaonera kavidiyoko katatu. Lachinayi lotsatira ananyamula foni yanga n'kupita nayo ku msonkhano wa amayi a ku tchalitchi. Inabwerako madzulo batire itatha, galasi lake lili ndi zidindo za zala za anthu ambiri.