Kalata imene inakhala zaka zitatu m'chigafa changa

Lachinayi tinaika a Makwinja. Mpingo sunaimbe. Amene anautseka pakamwa ndine.

Mawu ambiri si mbali yanga, ndipo sabata ino ndilibe nkhope yolankhulira motalika. Ndingokuuzani mmene zinayendera.

A Makwinja anali tenanti wanga. Anachokera ku Phalombe zaka zitatu zapitazo ndi mkazi wawo ndi ana awiri, kudzalima fodya pamunda panga kuno kwa Kaluluma. Munthu wolimbikira. Mowa ayi, mkamwa moyera. Anadwala masiku asanu, Lachiwiri m'mawa n'kutisiya. Kwawo n'kutali, galimoto sinapezeke, ndiye tinagwirizana zoti aikidwe konkuno.

Ine ndine mkulu wa mpingo. Ndimakhala benchi yakutsogolo.

Mayi wamasiye uja anapempha chinthu chimodzi chokha: mpingo udzaimbe pamaliro a amuna ake. Lachitatu akulu a mpingo tinakumana kuseri kwa tchalitchi. Lamulo lathu n'lodziwika. Munthu amene dzina lake mulibe m'kaundula, amene saoneka m'tchalitchi, tikhoza kukamukhuza ngati anthu a m'mudzi. Koma yunifolomu ayi, nyimbo ayi, ulaliki ayi.

A Phiri, amene amatitsogolera abusa akachokapo, anandiyang'ana.

"Mwini munthu ndinu. Ankapemphera?"

"Sindinamuonepo m'tchalitchi."

"Olo kamodzi?"

"Olo kamodzi."

"Basi, yatha."

Sindinaname. Ndinanena zoona zokhazokha, ndipo ndinachoka pamenepo mtima uli m'malo.

Uthenga ndinakapereka ndekha kusiwa. Ndinawaitanira mayi aja pambali.

"Mayi, mpingo wakana. Amuna anu sankabwera kutchalitchi."

Sanalire. Anangomanganso chitenje chawo, n'kundiyang'ana m'maso. Zaka zitatu zonsezi anali asanandiyang'anepo m'maso.

"Zoona, bwana, simunawaoneko. Nanga mukanawaonako bwanji? Lamulungu lililonse inu mukavala jekete mumadzera kuchigafa. Mumati chiyani paja?"

Anadziyankha okha.

"Mumati, 'Ndikamabwera ndipeze mwatha kusoka fodya.' Nthawi ya nazale mumati, 'Mabedi asaume.' Nthawi yosankha mumati, 'Mabelo sadzidinda okha.' Mwaiwala, bwana? Tiyeni kuno."

Ananditsogolera kuchigafa, kumene timaumitsira fodya. Tinadutsa pansi pa fodya wopachika mpaka pa mzati wakumapeto. Anatukula mkono n'kusolola jumbo yakuda mu udzu wa denga.

Jumbo imeneyo ndinkaidziwa. Ndinaiona chaka choyamba. Ndinkayesa ndi mankhwala otsirikira fodya kuti akuba asayandikire. Mumtima ndinati anthu akummwerawa zitsamba amazidziwa. Kodi ndinaichotsa? Ayi. Ndinakondwa kuti fodya wanga ali ndi mlonda. Ine, mkulu wa mpingo.

Munalibe mankhwala. Munali buku la nyimbo lothothoka chikuto. M'kati mwake munali kalata yosamukira, ija mpingo wakwanu umakupatsa kuti ukapereke kumpingo wa kumene ukupita. Dzina lawo, chidindo, zonse zilipo. Pepala lafiira ndi fumbi la fodya.

"Chaka choyamba anakupemphani kuti akapereke," mayi aja anatero. "Inu munati fodya sadziwa Lamulungu. Chaka chachiwiri amuna anga anati ndikuchita manyazi, kalata yakalamba, akandifunsa ndinali kuti ndikayankha chiyani. Ndiye Lamulungu tikafika muno amayamba nyimbo imodzi chapansipansi, tipemphere, kenako singano m'manja."

Mawu aja oti fodya sadziwa Lamulungu ndikuwakumbukira. Ndinawanena phazi limodzi lili kale pa pedulo ya njinga, ndikuopa kuchedwa mapemphero.

Lachinayi m'mawa ndinapita kwa a Phiri ndi kalata ija.

"Dzulo tinalakwitsa. Munthu uja anali wa mpingo. Amene ndinkamutsekereza ndine."

Anaiwerenga, anaipinda bwinobwino, n'kundibwezera.

"Akulu anzanga, anyani sasekana zikundu. Mukufuna tikaime pamanda tikanene kuti munthuyu sankapemphera chifukwa bwana wake ankamugwiritsa ntchito Lamulungu? Nanga matenanti anga aja Lamulungu amakhala kuti? Nanga a anzathu enawa? Abusanso kulibe. Chimene tinagamula chikhale chomwecho."

Ndikanalimbikira. Ndikanapita khomo ndi khomo kwa akulu enawo, nthawi inalipo. Sindinatero. Ndinaika kalata m'thumba n'kubwerera. Ndipo ndinene chimene chikundiwawa koposa: panjira mtima unapepuka. Ndinati ndayesa, akana ndi ena, dzina langa silitchulidwa.

Tsono ndikufunseni, abale anga alimi a fodya. Lowani m'tchalitchi chilichonse kuno nyengo yothyola ino, muyang'ane amene akhala m'mabenchi. Eni minda alipo, nsapato zopolisha. Matenanti ali kuti?

Timati ndi anthu osapemphera. Timati amakonda bawo ndi kachasu. Alipo otero, inde, monganso alipo pakati pathu. Koma ambiri timawadziwa kumene ali, chifukwa tinawasiyako ndife.

Tsiku lopumula timalisunga ndi manja a anthu ena. Lamulo lake tinaliloweza tili ana, ndipo limatchula ndi wantchito yemwe. Ife timalekezera pa ife eni.

Wina anena kuti fodya akapsa sadikira. N'zoona, ndalima fodya kuyambira ndili mnyamata, tsamba likapsa ukalisiya lawonongeka. Koma ngati sadikira, bwanji ine ndinkapita kutchalitchi? Bwanji sindinavule jekete n'kukhala pansi ndi singano? Fodya ankadziwa Lamulungu langa, la a Makwinja lokha ndiye sankalidziwa?

Lamulo la mpingo sindikulinyoza. Mpingo wopanda mwambo ndi msika. Koma kaundula amangoona amene walowa pakhomo. Saona amene watsekera mnzake kunja. Ine dzina langa lilimo, loyera, sindinajombepo. A Makwinja mulibe. Pa anthu awirife, wopemphera anali ndani? Ine ndinkaimba anthu akundiona. Iwo ankaimba m'chigafa mopanda owaona, ine n'kumayesa buku lawo chithumwa.

Kumanda kunali zii. Adzukulu atatsitsa bokosi, kunkangomveka makasu. Amayi a mpingo wathu analipo, atavala zitenje wamba, maso pansi.

Kenako mayi wamasiye uja anayamba nyimbo. Mawu osasa. Mzere woyamba anaimba okha. Wachiwiri analandira bambo wina kumbuyo, tenanti wa pamunda woyandikana ndi wanga. Kenako ena, kenako onse. Anthu a ku Mulanje, a ku Thyolo, a ku Dedza, aja timati osapemphera aja. Opanda buku, ndime zonse pamtima, mpaka yomaliza imene ngakhale kwaya yathu imadumpha.

Ine ndinaima kutsogolo, chipewa m'manja. Sindinaimbe. Osati chifukwa cha lamulo. Ndinalibe nkhope yoimbira.

Pobalalika ndinawatsatira mayi aja kuti ndiwabwezere kalata.

"Isungeni, bwana," anatero. "Inali yobwera kwa inu akulu a mpingo. Yafika."

Ili m'thumba la jekete langa, lomwe lija la Lamulungu.

Pamunda panga patsala mabanja awiri a matenanti. Fodya wapsa, masamba am'munsi ayamba kale kugwa. Dzulo ndinawaitana abambo awiriwo n'kuwauza kuti Lamulungu lino asapite kuchigafa. Anayang'anana. Wamkuluyo anavula chipewa.

"Talakwa chiyani, bwana? Mukutichotsa?"

Ndi pamene ndawafikitsa anthu. Kuwapatsa tsiku lawo lomwe, iwo akuyesa chilango.

A Makwinja nyimbo ya mpingo sadzaimvanso, zimenezo sindingakonze. Koma inu amene mudzakhale benchi yakutsogolo Lamulungu lino, musanatsegule buku la nyimbo dzifunseni: amene akusoka fodya wanga pakali pano ndani, ndipo akadzamwalira ndidzati sindinamuonepo m'tchalitchi?