Chaka Chimene Tinakoka Chileyi ndi Amayi

Chaka chimene ng'ombe yathu imodzi inafa, ine ndi achimwene tinali tonse mu Folomu 4. Iwo ankabwereza, ine ndinkalemba koyamba. Mpunga wathu kudambo la ku Bua unacha bwino, koma ng'ombe yotsalayo sikanatha kukoka yokha, ndiye abambo anaigulitsa. Chinatsala ndi chileyi, mtengo wa mphanda wokhomedwa matabwa pamwamba, wopanda mateyala, wongokhwekhwereza pansi.

Abambo nthawi imeneyo ankakhalira kunyanja, kusaka usipa. Asanapite anagamula nkhani ataimirira pakhomo.

"Mnyamatayu musiyeni awerenge. Inu ndi mtsikanayu mutulutsire matumba a mpunga kumsewu."

"Nayenso akulemba mayesotu," anatero amayi.

"Ndamva. Aziwerenga akaweruka kudambo."

Sabata yomweyo n'kuti aphunzitsi a fizikisi atatijambulira bokosi pabolodi, chingwe chake chitapendekera m'mwamba. Anati mphamvu ya wokokayo imagawika pawiri: ina imapititsa bokosi patsogolo, ina imalinyamula pang'ono. Ikalinyamula, bokosi silikanikiza pansi kwambiri, ndipo kukhulana kwake ndi nthaka kumachepa. Pofuna kupeza ntchito yogwiridwa, umachulukitsa mphamvu ndi mtunda, kenako ndi kosaini wa kupendekeka kwa chingwecho. Ndinaimvetsa samuyo tsiku lomwelo, ndipo ndinaikonda.

Kudambo ndinaiyesa. Tsiku loyamba tinamanga chingwe chachitali, tikukokera m'chiuno. Mphuno ya chileyi inkangolowa mumchenga ngati khasu. Ndinauza amayi kuti tifupikitse chingwe, tichikoleke paphewa. Mphuno ija inatukuka, chileyi n'kuyamba kutsetsereka. Amayi anaseka, nati kusukulu sindipitira pachabe.

Chimene pabolodi panalibe n'chakuti kulemera kochoka pansiko kumabwera paphewa pako. Bokosi la aphunzitsi linkakokedwa ndi muvi wachoko. Chileyi chathu chinkakokedwa ndi amayi, munthu wamfupi, wobereka ana asanu ndi mmodzi. Popeza ine ndinali wamtali, chingwe changa chinkatukula mbali yanga, katundu n'kupendekera kwa iwo. Ndinayesa kuwerama kuti tifanane, koma chileyi chinkangokhotera kuthengo. Tinasinthana mbali, tinapinda zitenje n'kuika pansi pa zingwe. Paphewa panasupukabe.

Masana ena ndili kuseri kwa nyumba, ndikuthowa phewa ndi madzi otentha, achimwene anabwera ndi kope.

"Iwe, kodi apa n'chifukwa chiyani akuchotsera pa kulemera kwa bokosi? Bokositu ndi lomwe lija."

Ndinawayang'ana. Malaya awo anali oyera, zala zili ndi inki. Ndinkafuna kuwaonetsa chilonda changa n'kunena kuti kulemerako kuli apa. Koma anali achimwene. Ndinatenga cholembera n'kuwajambulira mivi iwiri, wina wopita patsogolo, wina wopita kumwamba.

"Aa, n'zosavuta eti," anatero, n'kubwerera pamthunzi.

Matumba atatsala pang'ono kutha, tinafika pamalo ena pamene njira imakwera kuchoka m'dambo. Chileyi chinatitimira m'matope. Tinakoka, osasuntha. Tinakokanso. Ndinamva amayi akuti "mayo!" motsitsa, ngati aponda munga, kenako anagwada, chingwe chikadali paphewa. Sanathe kudzuka. Amayi ena amene ankapuntha mpunga chapafupi ndiwo anandithandiza kuwanyamula mpaka kumsewu. Kuchipatala anawapatsa mankhwala opha ululu, nawauza kuti asamanyamule zolemera. Matumba otsalawo ndinawatulutsa ndekha, limodzilimodzi, ndipo kusukulu ndinajomba mpaka mayeso atayandikira.

Funso la bokosi linabweradi. Ndinalikhoza, achimwenenso analikhoza. Koma maphunziro ena anandigwetsa, chifukwa zambiri zinaphunzitsidwa ine ndili m'matope. Achimwene anapambana. Abambo anapha mbuzi, n'kumauza aliyense wobwera kuti mwana wawo anagwira ntchito yaikulu, sankagona. Nditapempha kuti nanenso ndibwereze, anati pakhomo pakufunika munthu wosamala amayi.

Ndinawasamaladi, ndipo ndikuwasamalabe. Msana wawo sunawongokenso. Amayenda ataweramira kumanja, mbali imene chingwe chinkadutsa.

Achimwene tsopano amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe. Si munthu woipa, amatumiza sopo ndi shuga. Chaka chatha anabwera ndi ana awo kudzaona agogo. Amayi akutuluka m'nyumba ndi ndodo yawo, achimwene anawayang'anitsitsa ngati akuwaona koyamba.

"Kodi amayi, msanawu unayamba liti?"

Ndinadikira kuti ndimve yankho. Amayi anakhala pamphasa pang'onopang'ono, n'kukokera kamdzukulu pamiyendo.

"Ndi ukalamba, bambo," anatero.

Achimwene anagwedeza mutu, nati adzawagulira mafuta opaka. Ine ndinatenga ndowa n'kupita kumjigo, ngakhale mitsuko yonse inali yodzaza.